NZERU ZA MAKINA: Mtolo Ukagwa Panjira Autolera Pomwepo

Mai wocokera kuthengo ndi mtolo wa nkhuni pamutu, akapunthwa pafupi ndi mudzi mtolo nugwa, sabwerera nazo nkhunizo kuthengo kuti akayambenso ulendo. Amanganso luzi pamene laduka, asenza, nafika kunyumba. Munthu wocita mosiyana ndi pamenepa anzake angamuyese wozungulira mutu. Komatu zotere zicitika masiku onse pa makompyuta ndi mafoni a m'madera a kumidzi, kumene netiweki ibwera ndi kupita monga mvula yoyamba. Katundu wa pa intaneti akadukira panjira, munthu ayambanso paciyambi, ndipo ndalama zimene analipira pa gawo loyamba zipita pacabe.

Sabata ino danga lino lifotokoza njira yakale koma yolimba yotengera mafaelo pa intaneti, yimene akatswiri a makompyuta agwiritsa nchito tsiku ndi tsiku. Njirayi siifuna zithunzi kapena mabatani okongola. Munthu alemba mzere umodzi wa mau, makina namvera. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mtolo ukagwa, autolera pomwepo.

MMENE NDALAMA ZITAYIKIRA

Citsanzo cingathandize. Mphunzitsi wa pasukulu ya kumudzi afuna faelo ya maphunziro a sayansi yokhala ndi zithunzi zoyenda, kuti ana amene ali kukonzekera mayeso aone ndi maso ao zimene amangomva m'mabuku. Kukula kwa faeloyo ndi mamegabaiti 700. Mphunzitsiyo agula bandulo ya magigabaiti 2, ndiwo mamegabaiti pafupi-fupi 2,000, ndi ndalama za m'thumba mwake. Ngati netiweki ya kwao ibweretsa makilobaiti 100 pa sekondi imodzi, nchito yonse itenga masekondi 7,000, ndiwo maola awiri kupatulako mphindi zitatu.

Pa maola awiri zambiri zingacitike. Batire lingathe, netiweki ingacoke, magetsi angazime. Anthu akumbukira bwino caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'dziwe la Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Tsono faelo ija ikadukira pa mamegabaiti 600 kawiri, nikafika yathunthu pa ulendo wacitatu, mphunzitsi walipira mamegabaiti 1,900 pa katundu wa mamegabaiti 700. Bandulo yatha, ndipo mamegabaiti 1,200 sanapindulire munthu ali yense. Kwa banja limene ligulitsa nshawa kapena nkhuku kuti mwana agule bandulo ya maphunziro, kutayika kotere sikocepa.

Mapulogilamu oonera intaneti monga Chrome ndi Firefox naonso ayesa kupitiriza faelo yoduka, ndipo nthawi zina akwanitsa. Koma kawiri-kawiri afuna kuti munthu akhale pafupi kudikira ndi kudina batani, ndipo akalephera safotokoza zambiri za cimene calakwika. Njira ya mau olembedwa iyesanso yokha, ndipo ionetsa poyera zonse zimene ziri kucitika.

KATUNDU ACOKERA KUTI

Faelo ndi mtolo wa zinthu zosungidwa m'makina: buku, cithunzi, nyimbo, kanema kapena pulogilamu. Faelo iri yonse ya pa intaneti ikhala m'kompyuta ina yake imene sizima usana ndi usiku, yochedwa seva. Seva iri ngati nkhokwe, ndipo faelo iri yonse ya m'nkhokwemo iri ndi keyala yake, imene iyamba ndi zilembo zakuti http kapena https. Kucita daunilodi ndiko kupempha seva kuti itumize kope la faeloyo, pamene faelo yeni-yeni itsala komweko.

Mapemphedwe ake ali ndi mwambo wochedwa HTTP. Anauyambitsa ndi Tim Berners-Lee wa ku Britain, amene anali kugwira nchito pa malo ofufuzira za sayansi a CERN pafupi ndi mzinda wa Geneva. Maganizo akewo anawalemba m'caka ca 1989, ndipo m'caka ca 1991 anthu a kunja kwa CERN anayamba kuwagwiritsa nchito. Dziko la Zambia silinacedwe kwambiri. M'mwezi wa November 1994, kampani ya ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia mu Lusaka, inalumikiza dziko lino ku intaneti, ndipo Zambia inakhala limodzi la maiko oyamba mu Africa kucita tero.

Masiku amenewo mau a makompyuta anali kuyenda pa nthambo za lamya, ndipo makina ambiri olumikizira anali kunyamula mabiti 14,400 okha pa sekondi. Pa liwiro limenelo faelo ya mphunzitsi uja ikadatenga masiku anai ndi theka osapuma. Nthambo zinali kuduka-duka, ngakhale m'maiko olemera. Ici ndico cifukwa cake zida zimene zinapangidwa m'zaka zimenezo zinaphunzitsidwa kupirira, ndipo kupirira komweko ndiko kuli kofunika lero kumidzi.

ZENERA LAKUDA

Kompyuta iri yonse iri ndi zenera lina limene anthu ambiri aliopa, cifukwa ndi lakuda ndipo mulibe cithunzi ciri conse, koma kamzere kothwanima kodikira mau. M'menemo munthu alemba lamulo, nadina batani la Enter, ndipo makina acita zimene auzidwa. Umu ndimo makompyuta ambiri anali kulamulidwira zithunzi zisanabwere.

Pa kompyuta ya Windows zeneralo lichedwa Command Prompt, ndipo litseguka munthu akalemba zilembo zitatu zakuti cmd pa malo ofufuzira. Pa kompyuta ya Linux ndi ya Apple lichedwa Terminal. Pa mtundu wa Linux wochedwa Ubuntu litseguka pogwira pamodzi mabatani a Ctrl, Alt ndi T. Ngakhale foni ya Android ingakhale nalo zenera lotere, mwini wake akaikamo pulogilamu yaulere yochedwa Termux.

Cofunika kudziwa ndi cakuti zenera limeneli silidziwa kuganizira zimene munthu anafuna kunena. Cilembo cimodzi cikalakwika, kapena mpata pakati pa mau ukasowa, lamulo likanidwa. Cilembo cacikulu ndi cacing'ono si cimodzi-modzi. Wophunzira ayenera kulemba modekha ndi kuwerenganso asanadine batani, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

AMTENGA-TENGA AWIRI

Zida zodziwika kwambiri pa nchito yotenga mafaelo ndi ziwiri, ndipo zonse ndi zaulere. Coyamba ndi wget. Anacilemba ndi Hrvoje Nikšić wa ku Croatia, ndipo cinaturuka m'caka ca 1996, poyamba ndi dzina lakuti Geturl. Pambuyo pake cinakhala cimodzi ca zida za gulu la GNU, limene Richard Stallman analiyambitsa m'caka ca 1983 ndi colinga cakuti anthu akhale ndi mapulogilamu amene angagwiritse nchito, kusintha ndi kugawana mwaufulu. Cida ca wget cinapangidwa dala kuti cizigwira nchito pa netiweki yocedwa ndi yoduka-duka. Cipezeka kale m'makompyuta ambiri a Linux.

Caciwiri ndi curl, ca Daniel Stenberg wa ku Sweden. Ciyambi cake cinali cacing'ono ndithu. Stenberg anafuna kuti makina azimtengera okha mitengo yosinthira ndalama za maiko tsiku liri lonse, kuti anzake oceza nao pa intaneti azifunsa mosavuta. M'caka ca 1996 anapeza kapulogilamu kochedwa httpget ka Rafael Sagula wa ku Brazil, nayamba kukakulitsa. Dzina lakuti curl linabwera pa 20 March 1998. Lero cida cimeneci ndi mtima wake ziri m'makina mabiliyoni ambiri, monga mafoni, mawailesi a kanema ndi magalimoto, ndipo m'caka ca 2017 mwini wake analandira mphoto ya Polhem ya m'dziko la kwao kaamba ka nchito imeneyi. Kuyambira m'caka ca 2018 kampani ya Microsoft iika curl m'kati mwa Windows, ndipo makompyuta a Apple naonso abwera naco. Kotero anthu ambiri ali naco kale cida cimeneci osadziwa.

Wa foni amene waika Termux angapeze wget polemba kuti:

pkg install wget

LAMULO LOYAMBA

M'zitsanzo zonse za pansipa muli keyala yongoyerekezera. Wofuna faelo yeni-yeni aikepo keyala ya faeloyo, imene angaikope pa tsamba pamene faelo yalengezedwa. Lamulo la wget liri tere:

wget https://example.com/buku.pdf

Lamulo la curl lifuna zilembo ziwiri zoonjezera:

curl -L -O https://example.com/buku.pdf

Cilembo cacikulu O ciuza curl kuti isunge faelo ndi dzina lomwe iri nalo kunkhokwe. Cikasowa, curl siisunga faelo, koma iyesa kukhuthulira zonse pa zenera. Cilembo cacikulu L ciuza curl kuti ikauzidwa kuti faelo inasamukira kwina, itsatire komweko. Wa Windows amene watsegula zenera lina lochedwa PowerShell alembe curl.exe m'malo mwa curl, popeza m'zenera limenelo dzina lalifupilo nthawi zina liitana cida cina.

Nchito ikayamba, zenera lionetsa gawo limene lafika, liwiro lake, ndi nthawi yotsala. Faelo isungidwa m'foda imene munthu alimo pa nthawiyo. Wofuna kuti ikafikire m'foda ya Downloads ayambe walemba cd Downloads, nadina Enter. Wofuna kuimitsa nchito pakati agwire pamodzi mabatani a Ctrl ndi C.

Seva iyankha pempho liri lonse ndi nambala. Nambala 200 itanthauza kuti zonse ziri bwino. Nambala 404 itanthauza kuti pa keyala imeneyo palibe kanthu, mwina cifukwa keyala yalembedwa molakwa kapena faelo inacotsedwa. Nambala 403 itanthauza kuti eni ake akana.

KUTOLERA PAMENE MTOLO UNAGWA

Apa ndipo pagona nkhani. Netiweki ikaduka pakati pa nchito, wget siitaya mtima. Iyesanso yokha kufikira maulendo 20, ndipo ulendo uli wonse ipitiriza pamene inalekera. Ngati netiweki yacoka nthawi yaitali, kapena kompyuta yazima, gawo limene linafika litsala m'foda. Tsiku lina munthu alemba lamulo lomwe lija, koma aonjezapo cilembo cacing'ono c:

wget -c https://example.com/buku.pdf

Pa curl mau ake ndi awa, ndipo kamzere kaciwiri koima pakokha sikayenera kuiwalika:

curl -L -C - -O https://example.com/buku.pdf

Cimene cicitika ndi ici. Cida ciyeza gawo limene liripo kale, cipeza kuti ndi mamegabaiti 600. Pamenepo ciuza seva kuti itumize kuyambira pamenepo kupita kutsogolo. Seva iyankha ndi nambala 206, kutanthauza kuti iri kutumiza gawo cabe, ndipo gawo latsopano lilumikizidwa kumapeto kwa lakale. Mapemphedwe otere analowa m'malamulo a HTTP m'caka ca 1997. Mphunzitsi uja akadziwa cilembo cimodzi cimeneci, alipira mamegabaiti 700 pa katundu wa mamegabaiti 700, ndipo otsala pa bandulo yake akwanira kutengera faelo inanso yotere.

Pali zinthu zitatu zoyenera kukumbukira. Coyamba, munthu ayenera kukhala m'foda yomwe muli gawo lakale, apo ai cida sicilipeza. Caciwiri, woiwala cilembo c aona wget ikuyambanso paciyambi ndi kusunga faelo yaciwiri ya dzina lakuti buku.pdf.1, ndipo ndalama zitayika monga kale. Nkwanzeru kuika cilembo cimeneci kuyambira pa ulendo woyamba. Cacitatu, si seva iri yonse imene ilola kupitiriza, ngakhale kuti zambiri zilola. Palibe cifukwa colembanso mzere wonse ulendo uli wonse, pakuti batani la muvi woloza kumwamba libweza lamulo limene linalembedwa pomaliza.

KUFUNSA KULEMERA ASANASENZE

Safunsa anadya phula. Munthu angadziwe kukula kwa faelo asanaonongepo bandulo yake, polemba lamulo iri ndi cilembo cacikulu I:

curl -L -I https://example.com/buku.pdf

Seva itumiza mizere yocepa yofotokoza za katunduyo, osatumiza katundu mwini. Mzere wakuti Content-Length uonetsa kukula kwake m'mabaiti. Pocotsa manambala asanu ndi limodzi a kumapeto, otsalawo ndi mamegabaiti: 700000000 ndi mamegabaiti 700. Mzere wakuti Accept-Ranges ukatsatidwa ndi liu lakuti bytes, ndiye kuti sevayo ilola kupitiriza. Pa wget nchito yofunsayi icitika poika mau akuti --spider patsogolo pa keyala. Wodziwa zimenezi aweruza yekha ngati bandulo yake ikwanira, kapena ngati nkwabwino kudikira tsiku lopita kuboma kumene netiweki iri yamphamvu.

NCHITO YA USIKU

Makampani ena a mafoni agulitsa mabandulo otsika mtengo a usiku, ndiponso usiku netiweki imapepukirako popeza anthu ambiri agona. Mlimi amene adzuka mbanda kuca kupita kumunda sangacezere pa kompyuta. Pa Linux angalembe tere asanagone:

sleep 3h; wget -c https://example.com/buku.pdf

Makina adikira maola atatu, ndipo pambuyo pake ayamba okha. Cofunika ndi cakuti kompyuta isazime ndiponso isagone, ndipo batire likhale lodzala.

Ngati mafaelo ofunika ndi ambiri, monga mabuku 30 a sukulu, munthu alemba makeyala onse m'faelo imodzi ya mau, keyala iri yonse pa mzere wake, naicha mndandanda.txt. Pamenepo lamulo limodzi likwanira:

wget -c -i mndandanda.txt

Cida citenga woyamba, cikatha citenga waciwiri, kufikira onse atha. Pa sukulu kapena pa cipatala cacing'ono pamene anthu ambiri adalira netiweki imodzi, si ulemu kuti mmodzi atseke njira yonse. Mau akuti --limit-rate=50k acepetsa liwiro la wget kufika pa makilobaiti 50 pa sekondi, kuti ena naonso adutse.

KODI KATUNDU WAFIKA WATHUNTHU?

Faelo yofika m'zidutswa masiku osiyana ingakhale ndi cilema. Izi zicitika maka-maka ngati eni ake anaisintha kunkhokwe pakati pa masikuwo, pakuti pamenepo mutu ukhala wa faelo yakale, mcira wa faelo yatsopano. Cida sicingadziwe zimenezi pacokha. Kaamba ka ici, ofalitsa mapulogilamu ndi mafaelo akulu-akulu alengeza cidindo ca faelo iri yonse. Cidindo cofala kwambiri cichedwa SHA-256, ndipo ndi mzere wa manambala ndi zilembo 64 umene makina auwerengera kucokera m'zonse ziri m'faelomo. Kadontho kamodzi kakasintha m'faelo, cidindo conse cisintha.

Pa Linux cidindo cioneka polemba kuti:

sha256sum buku.pdf

Pa Windows alemba kuti:

certutil -hashfile buku.pdf SHA256

Mzere umene uturuka auyerekeza ndi umene eni faelo analengeza. Ikafanana, katundu wafika monga anacokera. Ikasiyana, faeloyo njosadalirika ndipo iyenera kutengedwanso. Komabe cidindo cingotsimikiza kuti thumba silinabooke panjira. Sicinena ngati wopereka thumbalo ndi munthu wokhulupirika.

CENJEZO KWA ONSE

Cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Pa 20 February 2016, akuba a pa intaneti analowa pa tsamba la Linux Mint, mtundu wina wochuka wa Linux, nasintha keyala yotengera pulogilamuyo kuti iloze ku seva yao. Anthu amene anatenga faeloyo tsiku limenelo analandira pulogilamu yooneka bwino-bwino, koma yokhala ndi khomo lobisika lolowerapo akubawo. Eni ake anazindikira msanga nacenjeza anthu. Ngati zotere zinagwera anthu odziwa bwino za makompyuta, wophunzira ayenera kucenjera koposa. Atenge mafaelo kwa eni ake eni-eni okha, awerenge dzina la keyala mosamala, ndipo asankhe keyala yoyamba ndi https, popeza cilembo s cisonyeza kuti katundu ayenda wotsekeredwa, kuti wina asamsinthe panjira.

Cenjezo laciwiri ndi la malamulo opatsidwa ndi alendo. Zenera lakuda limvera ciri conse popanda kufunsa kawiri. Pali mizere ina imene iyamba ndi curl kapena wget, nitha ndi kamzere koimirira ndi liu lakuti sh kapena bash. Mzere wotere utenga pulogilamu pa intaneti ndi kuiyendetsa nthawi yomweyo, munthu asanaone zimene ziri m'kati. Ofalitsa ena okhulupirika agwiritsa nchito njira imeneyi, koma akuba naonso aikonda. Munthu wosadziwika akatumiza mzere wotere pa foni, nalonjeza bandulo yaulere kapena mphoto, wanzeru aufafaniza. Lamulo limene munthu salimvetsa asalilembe m'makina ake, monga momwe sangamwere mankhwala opatsidwa ndi munthu wokumana naye pamseu.

Cenjezo lacitatu ndi la cilembo cacing'ono r. Cikaikidwa pa wget, cida citenga tsamba, nicitsatira makeyala a m'tsambamo, ndi a m'masamba otsatirawo, kufikira masitepe asanu. Akatswiri acigwiritsa nchito posunga kope la masamba ambiri nthawi imodzi, koma kwa wosazolowera cingamalize bandulo ya mwezi wonse usiku umodzi, ndiponso cilemetsa seva ya eni ake.

Potsiriza, si ciri conse copezeka pa intaneti cimene ciri ca ali yense. Nyimbo, mabuku ndi makanema ziri ndi eni ake amene adyera momwemo, ndipo malamulo a dziko awateteza. Cida cabwino sicisandutsa kuba kukhala kupempha.

MMODZI ATENGA, MUDZI UPINDULA

Zinthu zabwino zimene eni ake apereka mwaufulu ziripo zambiri. Nchito ya Project Gutenberg, imene Michael Hart anaiyamba ku America m'caka ca 1971, isunga mabuku akale oposa 70,000 amene munthu angawerenge kwaulere. Palinso Kiwix, imene Emmanuel Engelhart ndi Renaud Gaudin anaiyamba m'caka ca 2007. Iwo amanga nkhani za m'buku lalikulu la pa intaneti la Wikipedia m'faelo imodzi, kuti munthu aziwerenga popanda netiweki. Faelo ya Cingelezi yokhala ndi nkhani zonse ndi zithunzi zake ndi yaikulu kwambiri, pafupi-fupi magigabaiti 100, koma ziripo zina zazing'ono, monga yopanda zithunzi ndi ya nkhani za umoyo zokha.

Mafaelo otere ndiwo afuna njira imene yafotokozedwa pano, cifukwa palibe netiweki ya kumudzi imene ingabweretse magigabaiti ambiri pa ulendo umodzi. Koma gawo lero, gawo mawa, gawo lina tsiku limene mphunzitsi apita kuboma kukatenga malipiro, faelo ikwanira ndithu. Ikafika ndi kuyesedwa cidindo, ingakopedwe pa fulashi kupita ku makompyuta onse a pasukulu, ku cipatala ca pafupi ndi kwa alangizi a malimidwe, popanda kulipiranso ngwee imodzi ya bandulo. Makolo angacite bwino kukambirana za ici pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, kuti ndalama za nchito yothandiza ana onse zisamacokere m'thumba la munthu mmodzi.

Ana ambiri a sekondale masiku ano aphunzira za makompyuta, ndipo malamulo onse a m'nkhani ino akwana pa tsamba limodzi la kope la sukulu. Makolo amene sanagwirepo kompyuta angathe kusunga pepala lino ndi kupatsa mwana kuti akayese pa faelo yaing'ono, aimitse pakati ndi Ctrl ndi C, ndipo apitirize ndi cilembo c, kuti aone yekha kuti gawo loyamba silinatayike. Wayesa kamodzi sadzaopanso zenera lakuda, ndipo sadzalipiranso katatu katundu mmodzi.

Sabata yamawa danga lino lidzafotokoza za kasamutsidwe ka mafaelo pa fulashi, ndi mmene munthu angapewere kunyamula mavairasi kucoka pa kompyuta ina kupita pa inzake.